ZA MAU ATALI A CINGEREZI

Abale anga, pali cinthu cimene cimaopsa ana athu a sukulu, ndi ife akulu omwe, ndico mau atali a Cingerezi. Munthu akawaona pa pepala mtima wace umagwa, nayesa kuti nzeru zotere nza eni ace okha. Koma ine ndalingalira za mau amenewa masiku ambiri, ndipo ndaona kuti liu lalitali lifanana ndi mtolo wa nkhuni. Uli womanga uoneka wolemera. Koma ukadula luzi upeza timitengo timene ngakhale mwana akhoza kunyamula.

Tiyambe ndi cinenero cathu. Tikati "tidzakhululukirana" tachula liu limodzi la zilembo 18, koma palibe aliopa. Tonse timva kuti "ti" ndife, "dza" anena za m'tsogolo, "khululuka" ndilo tsinde, ndi "na" wa kumapeto atiuza kuti yense acitira mnzace. Mlendo wophunzira Cicewa acita nalo thukuta liu limeneli, monga ife ticita thukuta ndi mau a kwao.

Mau a Cingerezi a zinthu zimene munthu sangathe kukhala wopanda izo ngafupi: God, Mulungu, love, cikondi, bread, mkate, water, madzi. Awa ndiwo mau a makolo ao. Atali ambiri anacita kubwera: ena anacokera ku Cilatini ndi ku Cigriki, nalowa ndi Eklesia ndi masukulu, ena anadza ndi Cifalansa, William wa ku Normandy atagonjetsa England m'caka ca 1066. Ndipo monga kale mphini za pankhope zinkaulula kwao kwa munthu, momwemonso zilembo zina ziulula kwao kwa liu.

Taonani zilembo ziwiri izi, ph. Kwa ife ndizo za phiri ndi phala. Koma m'Cingerezi zimveka ngati f, ndipo kawirikawiri zitiuza kuti liulo nla Cigriki, cinenero comwe cija analembamo Cipangano Catsopano. Pamene paoneka "phil" pali cikondi. Philadelphia, dzina la umodzi wa mipingo 7 ya m'Cibvumbulutso, ndiponso la mudzi waukuru wa ku America, ndiko kunena cikondi ca pa abale. Theophilus, amene Luka anamlembera, ndiye wokondana ndi Mulungu, pakuti "theo" ndi Mulungu. Philanthropy ndiko kukonda anthu, makamaka powathandiza ndi cuma. Pamene paoneka "graph" pali kulemba: geography ndiko kulemba za dziko lapansi, photograph ndico cithunzi colembedwa ndi kuwala, orthography ndiwo malembedwe olungama. Wagwira timitengo tiwiri tokha, ndipo mitolo yambiri yamasuka.

Taonaninso x, cilembo cimene m'Cicewa mulibe. Cikatsata e poyamba pa liu, nthawi zambiri cinena za kunja kapena za kuturuka. Exodus, ndiye Eksodo wathu, ndi njira yoturukira, cifukwa bukulo lisimba za kuturuka kwa Aisrayeli m'dziko la ukapolo. Excommunication, liu la zilembo 15, ndiko kumturutsa munthu m'ciyanjano, kumene ife titi kudulidwa mu mpingo. Ndipo mpingowo Angerezi auti congregation: "con" ndi pamodzi, "greg" ndi gulu la zoweta. Ine mau awiriwa andigwira mtima ndikawaika pafupi. Pakuti ngati mpingo uli gulu la nkhosa, wodulidwa ndiye nkhosa imene iri kunja kwa khola usiku, ndipo mbusa sayenera kugona tulo.

Tsono pali liu limodzi limene anyamata akonda kupikisana nalo, popeza ndilo lalitali kopambana m'mabuku akuru otanthauzira Cingerezi. Liri ndi zilembo 45: pneumonoultramicroscopicsilicovolcanoconiosis. Musaliope, tidule luzi. "Pneumono" ndi mapapo, ndipo p woyambayo samveka pochula. "Ultra" ndi kupitirira. "Microscopic" ndi kanthu kocepetsetsa kosaoneka ndi maso. "Silico" ndi mwala wa mtundu wa mcenga. "Volcano" ndi phiri lolavula moto. "Coni" ndi fumbi. "Osis" ndi nthenda. Lonse pamodzi linena nthenda ya m'mapapo yobwera ndi fumbi losalala la miyala.

Liu limeneli silinabadwire m'cipatala ai. Linapangidwa ku America m'caka ca 1935 pakati pa anthu a bungwe la National Puzzlers' League, okonda masewera a mau, ndipo analitalikitsa dala. Madokotala salisowa, iwo angoti silicosis. Koma ngakhale liulo nla masewera, nthendayo si masewera. Amuna ambiri a m'midzi yathu analembedwa ndi Wenela, napita ku migodi ya golide ya ku Johannesburg, naboola miyala pansi pa nthaka, napuma fumbi lace. Kumeneko nthendayi ankaicha phthisis, liu la zilembo 8 lokhala ndi ph wa Cigriki yemwe uja, ndipo tanthauzo lace ndi kufota kwa thupi. Ena anabwera kwao ali kutsokomola ndi kubanika, osathanso kugwira khasu. Pakuti fumbilo likalowa liumitsa mapapo ndi zipsera zosapola, ndipo cifuwa cacikuru cipeza khomo lotseguka. Mkazi wamasiye amene anadwazika mwamuna wotere sadziwa cilembo ndi cimodzi comwe ca 45 zija, koma tanthauzo lace alidziwa koposa mnyamata wolichula mosaphonya.

Apa ndipo pagona nkhani yanga. Kulemera kwa liu sikuli m'zilembo zace, kuli m'cinthu cimene linyamula. Ndamvapo alaliki ena acinyamata akuponya mau atali a Cingerezi pakati pa ulaliki wa Cicewa, agogo athu ali cete, ndipo pambuyo pace anthu nkumati, "Koma mwana uja ngwophunzira!" Inde amtama, koma abwerera kwao ndi njala. Akuru anati ng'oma yoliritsa sicedwa kung'ambika. Mtumwi Paulo, amene analemba makalata ace m'Cigriki, anadzudzula Akorinto pa mlandu wofanana ndi uwu m'caputala 14 ca kalata wace woyamba, nawaonetsa kuti colankhula ca mu msonkhano ciyenera kumveka kwa wakumva.

Sinditi tileke kuphunzira Cingerezi. Iai, ticiphunzire ndithu, pakuti kalata wa ku boma ndi pepala la mankhwala zibwera m'cinenero cimeneci, ndipo wosacimva anyengeka msanga. Koma inu makolo, mwana akabwera ndi liu lalitali locokera ku sukulu, musamtame cifukwa ca kulichula kokha. Mumfunse kuti, "Mwananga, m'Cicewa ndiye kuti ciani?" Akalephera, mumtume akafunse kwa aphunzitsi ace, alimasule pang'onopang'ono, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Ndipo akadza nalo tanthauzo, akalinene kwa agogo ace; iwo akamva, pamenepo mwanayo waphunzira.