Kalabala Kamene Ndinkakanyalanyaza

Mu Okutobala ndinanyamula amayi kuwabweza kwathu ku Nsanje atatuluka m'chipatala. Titangotsika mapiri kulowa ku Chikwawa, AC ya galimoto inayamba kutulutsa mpweya wotentha. Amayi anangoti zii, thukuta lili kamukamu. Ndinaima pamthunzi n'kuwamwetsa madzi, mtima uli m'mwamba.

Vutoli ndinkalidziwa. Kawiri konse ndinangowonjezeretsa gasi wa R134a osafufuza pomwe ankathawira, poopa kuwononga ndalama.

Nditabwerera ku Blantyre, makaniko anapaka madzi a sopo pamapaipi. Polumikizira kompuresa panatuluka thovu: kalabala kake kanali katatha. Anakasintha, n'kupopa mpweya wonse m'mapaipi, kenako n'kuthira gasi watsopano.

Kalabalako kanali kotchipa kuposa gasi amene ndinataya. Nditawafotokozera amayi pafoni, anaseka: "Mwanangu, unkatungira madzi m'ndowa yobooka."