Mlendo Kwathu Komwe

Tili m'chaka chachiwiri, ife ophunzira a zilankhulo tidapangana zokapumulira ku Cape Maclear mayeso akatha. Anzanga adakondwa kwambiri, ena mpaka adagula zovala zosambirira. Ine mtima udangoti myuu, pakuti mudzi wa Chembe, womwe uli pagombe lomwelo, ndiye kwathu. Kusukulu ndinkangonena kuti ndimachokera ku Mangochi, anthu n'kumayesa ndikunena paboma. Sindinkafuna kuti adziwe zoti fizi yanga imachokera muusipa.

Tidanyamuka Lachisanu m'mamawa pamodzi ndi aphunzitsi athu awiri. Pa Mangochi tidaima kuti tione nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, pafupi ndi mlatho wa pa Shire. Titayandikira kwathu tidaimanso pa Mwala wa Mphini, anzanga n'kumajambulitsa. Ine ndidavala magalasi akuda ndi chipewa chachikulu, ati kuopa dzuwa. Madzulo tidafika pamalo ogona alendo omwe ndili mwana ndinkangosuzumira pampanda.

Loweruka wotiperekeza adatifotokozera kuti paki ya Lake Malawi National Park idakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse, makamaka chifukwa cha nsomba za mbuna. Adationetsa manda a amishoni a ku Scotland omwe adafika mu 1875, koma malungo atawavuta adasamukira ku Bandawe mu 1881. Kenaka tidakwera boti kupita kuchilumba cha Thumbi. Mbuna za mawangamawanga zidaunjikana kulimbirana buledi m'manja mwathu. Wopalasa adaimba mluzu n'kuponya nsomba m'madzi, nkhwazi idatsika n'kuiwakha. Onse adakuwa ndi chimwemwe, inenso ndidaomba nawo m'manja ngati sindidazionepo.

Pobwerera anzanga adati tiyende wapansi m'mbali mwa nyanja kuti aone asodzi. Ndidasowa chokanira. Tikudutsa pamathandala, ndidaona azakhali anga akutembenuza usipa. Ameneŵa ndiwo adandilera mayi atamwalira. Ndidayang'ana kunyanja n'kufulumiza miyendo, ndipo ndidawapitirira ndithu.

"Kodi iwe, si mwana wa achimwene iwe?" Mawu awo adandipeza kumsana.

Gulu lonse lidaima. Ndidavula magalasi, kubwerera n'kugwada pamchenga. "Ndine ndemwe, azakhali. Mwaswera bwanji?"

"Taswera. Ndimayesa magalasiwo akutseka m'maso." Adaseka, koma ine mawuwo adandilasa.

Sadandifunsenso kanthu. Adayala mphasa pansi pa mtengo n'kuitana alendo onse. Aphunzitsi athu ena adawafunsa za ntchito yawo, ndipo azakhali adamasuka. Adafotokoza momwe asodzi amakokera usipa usiku ndi nyali pogwiritsa ntchito khoka la chilimira, ndiponso chifukwa chake mwezi ukawala usipa umasowa. Adatchula mphepo za panyanja: mwera wochokera kummwera umene umagubuduza mabwato m'nyengo yozizira, mpoto, ndi vuma wa kum'mawa. Aphunzitsi aja adatulutsa kabuku n'kumalemba, anzanga ali tcheru. Mawu onsewo ndinkawadziwa kuyambira ndili wamng'ono, koma m'kalasi sindidawatchulepo ngakhale kamodzi.

Usiku umenewo sindidagone kumalo a alendo kuja. Ndidapempha chilolezo n'kukagona kwathu, komwe tidadya nsima ya usipa wofutsa. M'mawa azakhali adandiperekeza kubasi atasenza kathumba ka usipa wouma. Adandipatsa pamaso pa onse, nati: "Ukagawireko anzako. Ukalimbikire sukulu."

Palibe mnzanga yemwe adandiseka. Wina adangondifunsa chifukwa chomwe ndidawasiyira kulipira wotiperekeza pamene mwini mudzi adali m'basi momwemo. Ndidasowa choyankha. Zithunzi za ulendowo ndili nazo zambiri, koma ndikaziona chimene chimandibwerera ndi mapazi ochepa aja amene ndidaponda nditawapitirira azakhali. Akuluakulu adati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Masiku ano munthu akandifunsa kumene ndimachokera, ndimati kwa Chembe.