Ku Makanjira masamu amayambira pa chigoba cha usipa

Aliyense amene anafikako ku Makanjira amayamba wadandaula za msewu. Ukawoloka mlatho wa Bakili Muluzi pa Mangochi n'kukhotera kumpoto, nyanja imakhala kumanzere, mapiri olowera ku Mozambique kumanja. Umadutsa Malindi, umadutsa Lungwena, kenako fumbi ndi mitsinje imene nthawi ya dzinja imatha kudula ulendo. Mtunda wake ndi pafupifupi makilomita 100 basi, koma pa matola amene ndinakwera ine, titapanikizana ndi matumba a ufa ndi zigubu za petulo, tinatha theka la tsiku.

Dera limeneli ndi la Ayao, ndipo ambiri ndi Asilamu. Kale mfumu Makanjira inali ndi zombo zimene zinkawolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo panyanjayi. Mu December 1891 ankhondo ake anapha Captain Cecil Maguire, msilikali wa Angerezi, ndipo linga limene atsamunda anamanga kufupi ndi kuno analitcha Fort Maguire. Lero malonda ndi a usipa, ndipo m'matumba mwa anthu mumayenda kwacha, metical ya tsidya la malire ndi rand yochokera kwa ana amene ali ku Joni. Kuwerengera ndalama si chinthu chachilendo kuno.

N'chifukwa chake zimene ndinamva padoko m'mawa wina zinandiimitsa mutu. Maboti a chilimira anali atangokocheza, ndipo kamnyamata ka zaka ngati 12 kankathandiza mayi ake kugula usipa woti akayanike pathandala. Zigoba zingati, mtengo wake, chenji, zonse kankatchula wogulitsa asanamalize n'komwe kudina pafoni.

“Amayi, mwanayutu masamu ali m'magazi,” ndinatero.

Iwo anangoseka chogwetsa ulesi. “Achimwene, ameneyu? Sitandade 5 akubwereza. Masamu omwewo ndi amene amugwetsa.”

Mayiwo ndi amene anandilozera khonde lina kuseri kwa msika, kumene mwanayo anali atangoyamba kupita madzulo akaweruka ku madrasa. Wophunzitsa pakhondepo ndi mtsikana amene analemba Fomu 4 pa sekondale yoyendera, koma ndalama zopitira ku koleji zinavuta. Ana amamutchula kuti madamu. Tsiku limene ndinafika analipo 11, atakhala pamkeka. Bolodi linali chidutswa cha pulayiwudi chopaka utoto wakuda, ndipo pambali pake panali chitini cha timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi.

“Mwana akabwera tsiku loyamba sindimuphunzitsa kanthu,” anandiuza. “Ndimamupatsa masamu kuyambira a Sitandade 2 kumakwera nawo, mpaka ndipeze pamene anagwera. Timayambira pomwepo, kaya mwanayo ali Sitandade 7.”

Ambiri, akuti, amagwera pa kuchotsera kobwereka. Anandionetsa kope la kamnyamata kaja. Pa 52 kuchotsa 17 kanalemba 45. Sikuti kanangolota yankho ayi: kanaona kuti 2 sangachotse 7, ndiye kanatembenuza, 7 kuchotsa 2, n'kupeza 5, kenako 5 kuchotsa 1, n'kupeza 4. Madamuwo sanakadzudzule. Anakafunsa kuti munthu akagula usipa wa K1,700 n'kupereka K5,000, chenji chake ndi zingati. Yankho linabwera nthawi yomweyo: K3,300.

“Wapeza bwanji?”

“Madamu, ndaika 300 kuti ikwane 2,000, kenako 3,000 kuti ikwane 5,000.”

“Chita chimodzimodzi ndi 17 kuti ufike pa 52.”

Kanaika 3, kenako 30, kenako 2, n'kunena kuti 35. Kanayang'ana 45 uja m'kope, n'kugwira pakamwa. Apa m'pamene madamu anatulutsa mitolo isanu ndi timitengo tiwiri, n'kukauza kuti kachotse 17. Kanasinkhasinkha, kenako kanamasula mtolo umodzi. Kubwereka kumene kanakhala kakukumva m'kalasi zaka zitatu kanakuona ndi maso tsiku limenelo.

Chinanso chimene ndinachita nacho chidwi n'chakuti mtsikanayu amagwiritsa ntchito kawerengedwe ka makolo. M'Chiyao 4 ndi mcheche, 5 ndi msano, 10 ndi likumi, ndipo manambala a pakati pa 5 ndi 10 amamangidwa pa msano, monga ifenso m'Chichewa timati zisanu ndi ziwiri. Mwana wovutika ndi 7 kuphatikiza 8 amamuuza awatchule m'chiyankhulo cha kwawo. Zisanu ndi ziwiri, zisanu ndi zitatu: zisanu ziwirizo ndi khumi, ziwiri ndi zitatu ndi zisanu, yankho 15. Palibe kuwerenga zala za kumapazi.

Nanga mwana wochenjera padoko amagwa bwanji m'kalasi? Nditakhala pakhondepo masiku anayi, ndinaona zifukwa zitatu.

Choyamba ndi chiyankhulo. Mwana wa kuno amakula ndi Chiyao, kusukulu amakumana ndi Chichewa, ndipo pofika Sitandade 5 maphunziro amasanduka a m'Chingerezi. Mayeso a masamu a Sitandade 8 amene amakonza a Maneb nawonso ndi a m'Chingerezi. Mtsikana wina pakhondepo ankadziwa kugawa bwinobwino, koma mawu oti “share equally” ndi “remainder” ankamutsekera njira. Atangomuuza kuti funsolo likunena zogawana mofanana ndi zotsala, anamaliza yekha. Motero theka la nthawi madamu amathera pomasulira mafunso.

Chachiwiri ndi kujomba. Usodzi wa chilimira ndi wa usiku, wa nyali, ndipo umatentha mwezi ukakhala kumdima. Masiku amenewo ntchito padoko ndi pathandala imachuluka, ana ena osaoneka m'kalasi. Masamu ali ngati khoma la njerwa: mzere umodzi ukasowa, ya pamwamba ilibe pokhala.

Chachitatu ndi kuchuluka kwa ana. Boma litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ndipo mpaka lero makalasi a m'munsi ndi odzaza. Mphunzitsi, ngakhale akhale waluso chotani, sangaone kope la mwana aliyense, komanso silabasi imamuthamangitsa.

Zimene akuchita mtsikanayu, zoyambira pamene mwana ali m'malo mwa pamene kalasi yafika, ena anazipanga kukhala ndondomeko ya dziko. Ku India bungwe la Pratham linayambitsa njira yogawa ana m'magulu potengera zimene akutha, osati kalasi yawo, ndipo ku Zambia boma linaitengera mu 2016 pansi pa dzina loti Catch Up. Kuno kwathu, mu 2023 boma linayamba pulogalamu ya BEFIT, imene ana a Sitandade 1 mpaka 4 amaphunzira kuwerenga ndi masamu pa matabuleti, aliyense pa liwiro lake. Koma mwana amene wafika kale Sitandade 6 ali ndi dzenje la Sitandade 3 amafunikabe munthu wokhala naye pansi.

Pali pomvetsa chisoni pake. Unduna wa Zamaphunziro wakhala ukuletsa aphunzitsi a m'sukulu za boma kulipiritsa ana maphunziro apadera, chifukwa mwana wa mphawi ndiye amatsalira. Pakhonde paja palibe mtengo woikika. Kholo lina limapereka kandalama, lina mbale ya usipa, lina zikomo chabe. Komabe madamuwo ali ndi mimba yofuna kudya, ndipo sanandibisire kuti mwayi wa koleji kapena ntchito ukapezeka adzanyamuka. Ananditchuliranso za anyamata awiri amene anasiya kubwera. Mmodzi analowa m'boti. Wina akudikira mkulu wake amutumizire ya thiransipoti ya ku Joni.

Bambo wina wachikulire, amene ndinamupeza pa bawo pansi pa mtengo wa mango, anandiuza chifukwa chimene amatumizira mdzukulu wake pakhondepo. “Mwanawe, ife nsomba tagwira moyo wathu wonse, koma wolemba m'kope ndi amene amanga ya malata. Ndikufuna uyu adzigwirire yekha cholembera.” Anatero akutaya njere m'mabowo, atawerengeratu kale pamene dzanja lake likathere.

M'mera m'poyamba, ndipo izi sizifuna kuti mukhale ku Makanjira. M'mudzi kapena m'tauni mwanu muli wachinyamata amene anakhoza masamu pa MSCE koma akungokhala. Makolo anayi kapena asanu mutagwirizana, khonde silingasowe. Ngakhale panokha mutha kuyamba. Madzulo ano mulembereni mwana wanu 52 kuchotsa 17. Akalemba 45 musamukalipire. Thyolani timitengo, mumange mitolo isanu, mum'patse amasule yekha.