Mbala si nyemba chabe: pitani mukaone kumene nkhondo inathera

Mukamva dzina la Mbala, imwe mumaganiza chani? Nyemba, si ndiye? Zija zopima ndi meda pa Soweto, zimene zimatipulumutsa pakati pa mwezi thumba likauma. Manje tauni iyi ili ndi mbiri yolembedwa imene matauni ena akuluakulu alibe, ndipo mbiriyo ikukukhudzani ngakhale mukhala ku Chawama kapena ku Kanyama.

Tiyambe ndi njira. Mukakwera basi pa Intercity, konzekani kukhala pa mpando, chifukwa ni makilomita pafupifupi 1,000. Mudzadutsa Kapiri Mposhi, Serenje, Mpika ndi Kasama, kenaka msewu uyamba kukwera. Mbala ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,670, ndiye juzi musaiwale, makamaka mu June ndi July. Mukatsika makilomita ngati 45 mufika ku Mpulungu pa nyanja ya Tanganyika, kumene kutentha ndi kapenta zikulandirani. Malo awa ni a anthu a Chimambwe ndi a Chilungu.

Azungu anayamba kulemba za kuno kudala. Mu 1893 Hugh Marshall anamanga boma m'dera la mfumu Zombe, ndipo malowo anapatsidwa dzina la Abercorn, kutengera Duke of Abercorn, mkulu wa kampani ya British South Africa Company imene inkalamulira dziko lino. Dzina la Mbala linabwera pambuyo pa ufulu wa 1964. Ndiye mukafuna mapepala akale, funsani za Abercorn, apo ayi mudzabwerera chimanjamanja.

Mapepalawo ambiri sali ku Mbala. Ali mu Lusaka momwe muno, ku National Archives, pa Government Road ku Ridgeway, malo amene ambiri timangodutsa pa minibasi osatembenuka. Kumeneko kuli mabuku otchedwa District Notebook. Boma lililonse linali ndi lake, ndipo bwana DC aliyense ankalembamo, akachoka wolowa m'malo mwake n'kupitiriza. Muli maina a mafumu ndi mmene analowerana ufumu, midzi, msonkho, misewu, mamishoni, ndi maina a azungu amene anagwira nchito pa bomapo. Musaganize kuti ni zinthu zakufa. Mpaka lero mafumu akakangana za malire, mumva anthu akutchula mapu a 1958, ndipo mkangano wa ufumu ukafika ku khoti, mapepala a nthawi ya atsamunda amatulutsidwa. Zimene mzungu analemba zaka 100 zapitazo zingathe kugamula kuti munda wa agogo anu uli m'dera la ndani.

Nkhani yaikulu ya Abercorn ni nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Malire a Tanzania ali pafupi, ndipo nthawi ija kunali dziko la Majeremani, choncho mfuti zinayamba kulira kuno mu 1914. Ku Ulaya nkhondo inatha pa 11 November 1918, koma mkulu wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, anali mu thengo, foni kulibe, WhatsApp kulibe. Uthenga unamupeza pa 14 November pa mtsinje wa Chambeshi, anamuuza ni Hector Croad, bwana DC wa ku Kasama. Anayenda ndi gulu lake mpaka ku Abercorn, ndipo pa 25 November 1918 anagonja. Anali ndi Majeremani 155 ndi asilikali akuda 1,168. Mkati mwa tauni muli kanyanja kotchedwa Chila, ndipo a ku Mbala adzakuuzani kuti zida zambiri zinaponyedwa mmenemo. Mu 2018, patatha zaka 100, kunali mwambo waukulu wokumbukira tsikulo.

Manje imani pa chipilala cha nkhondo m'tauni, muwerenge bwino. Chimakumbukira amuna 1,467 a Northern Rhodesia amene anafa akugwira nchito ya utengatenga. Awa ni anthu amene ankasenza ufa, zipolopolo ndi mahema pamutu, ambiri otengedwa m'midzi mokakamizidwa, n'kufa ndi matenda, njala kapena chipolopolo. Nambala ilipo, koma palibe dzina ngakhale limodzi. Dzina la mkulu wa adani tilidziwa, la DC tilidziwa, ngakhale tsiku limene anakumana. Koma mnyamata wa m'mudzi amene anagwa m'njira katundu ali pamutu anangokhala nambala. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission, limene limasamala manda a nkhondo, linavomera ndi kupepesa kuti anthu akuda ambiri sanakumbukiridwe ndi maina monga anachitira azungu.

Apa ndiye pamene muyenera kuchenjera ndi mapepala. Amene anagwira cholembera analemba zimene iye ankafuna: msonkho walowa zingati, amuna ogwira nchito alipo angati, mfumu iti ikumvera boma. Sikuti zonse ni bodza, koma ni mbali imodzi chabe. Muziwerenga monga mumvera nkhani ya landilodi yokamba za matenanti ake.

Mbali ina muipeza ku Moto Moto Museum, kunja pang'ono kwa tauni. Zinthu zambiri mmenemo anasonkhanitsa ni Father Jean-Jacques Corbeil, wansembe wa ku Canada, ndipo malowo anakhala nyumba ya boma yosungira zakale mu 1974. Dzinalo ni la Bishopu Joseph Dupont, amene anthu ankamutcha Moto Moto. Muli ng'oma, zida za alenje, zitsulo za osula, ndi mbusa zimene banachimbusa amaphunzitsira atsikana pa chisungu. Izi nazonso ni zolembera, kungoti makolo athu analemba ndi dothi ndi mtengo. Mukakhala ndi tsiku lina, pitani ku mathithi a Kalambo, otalika mamita oposa 200. Kumeneko akatswiri anafukula mitengo yosemedwa ndi kulumikizidwa, ndipo mu 2023 analengeza kuti ili ndi zaka pafupifupi 476,000. Ndiye wina akakuuzani kuti mbiri ya dera ili inayamba mu 1893, mungomuyang'ana chabe.

Ngati ya basi mulibe pakali pano, yambani ndi Ridgeway. Nyamulani reji, kabuku ndi bolopeni, mufunse buku la boma la kwanu, kaya ni Abercorn, Fort Jameson kapena Petauke. Koma musanapite, khalani pansi ndi ambuya kapena mudala wa m'banja mwanu, muyatse rekoda ya pa foni, mufunse: atate awo anali ndani, mudzi uti, mfumu iti, ndani anapita ku nkhondo kapena ku migodi osabwerako. Mukafika ku Archives muli ndi dzina la mudzi ndi la mfumu, mudziwa poyambira kufufuza. Ndipo mwina mmodzi wa 1,467 aja ni wa kwanu, dzina lake likadali m'mutu mwa ambuya anu.