Cimene Wopima Nyumba Sanaone

Anzanga, pamene Mkonzi wa magazini yathu anapempha kuti yense alembe kanthu kamene anakaona ndi maso ace, ine ndinayamba ndaganiza za mpira monga acitira ambiri. Koma pali nkhani yina imene yakhala iri kundibvuta mumtima zaka zingapo, ndipo ndiyesa nkwabwino kuti ndiikambe pano, pakuti makolo a ena a inu adzafuna kugula nyumba, ndipo inu nomwe tsiku lina mudzagula zanu.

Atate anga anaphunzitsa sukulu ya pulaimale zaka zoposa 30. Atapuma nchito analandira ndalama zao za penshoni, ndipo anapangana ndi amai kuti asazidye, koma agule nazo nyumba mu mzinda wa Blantyre yoti adziikamo anthu a lendi. Ife tikhalebe kumudzi, ndipo ndalama za lendi zidzilipira fizi yanga ndi ya alongo anga awiri. Cotero mungathe kuona kuti nyumbayo inali nkhokwe yathu, ndipo sukulu yanga inali m'kati mwace.

Nyumba inapezeka m'mwezi wa September 2022, ine nditangomariza Standard 8. Inali ya zipinda zitatu, ya njerwa zoocha ndi denga la malata, yopakidwa penti yoyera kuti mbee. Inamangidwa kumunsi kwa mtunda, pafupi ndi kamunda ka nthoci. Atate atangoiona mtima wao unagwa pomwepo. Koma amalume, amene anakhala zaka zambiri ku Johannesburg, anati, "Alamu, musafulumire. Kumene ndinali kuja nyumba zambiri amagulitsa ndi mau akuti voetstoots, ndiko kunena kuti wogula atenga nyumba monga momwe iriri, ndipo cilema cikaoneka pambuyo sangabwerere kwa mwini wace, pokhapokha atatsimikiza kuti anacibisa dala. Ncifukwa cace ocenjera amayamba aitana munthu wodziwa zomanga kuti aipime. Inunso citani comweco."

Atate anakana, cifukwa malipiro a munthu wotere anali pafupi kulingana ndi fizi yanga ya teremu imodzi. Koma amai anati, "Inu bambo, cikome-kome ca nkuyu m'kati muli nyerere. Pentiyu wapakidwa dzulo-dzuloli. Ali kubisa ciani?" Atate anabvomera, ngakhale kuti anabvomera monyinyirika.

Wopima nyumbayo anafika Loweruka m'mamawa. Anali bambo wamfupi, waimvi, wosakonda kulankhula. Ananyamula makwerero, tochi, levulo, kanyundo, ndi kacipangizo kena koyesera cinyezi m'makoma. Ine anandipatsa nchito yogwira makwerero, ndipo ndinanyada nayo kwambiri.

Sanayambe walowa m'nyumba ai. Anaizungulira kunja kawiri, pang'ono-pang'ono, ali kugogoda khoma ndi kanyundo kace. Pena khoma linali kulira ngati mwala, pena ngati ng'oma, ndipo anandiuza kuti pamene palira ngati ng'oma pulasitala wasiyana ndi njerwa. Kuseri kwa khichini anaima nthawi yaitali, nandiitana. "Mnyamata iwe," anatero, "ming'alu iri mitundu iwiri. Wina ngwoonda ngati tsitsi, umayenda pali ponse. Umenewo usauope, ndi pulasitala cabe pouma. Koma ukaona mng'alu wokwera ngati masitepe, wotsata mizere ya njerwa, waukulu kumwamba ndi waung'ono pansi, dziwa kuti maziko asuntha." Pamenepo anayendetsa cala canga pakhoma, ndipo pansi pa penti ndinamva mzere wa simenti yatsopano wokwera monga momwe ananenera. Wina anaumata ndi kuupaka kuti usaoneke.

M'kati anatsegula ndi kutseka citseko ciri conse. Ca ku khichini cinali kukhula pansi, ndipo anati ici ndi mng'alu uja ziri kunena cinthu cimodzi. Anatsegula mipopi yonse, nayang'ana mawaya a magetsi, napeza kuti ena analumikizidwa poyera popanda kabokosi. Potsiriza anakwera mu siling'i. Anakhalamo nthawi yaitali kotero kuti manja anga anacita dzanzi pa makwerero. Poturuka anali bii ndi pfumbi, ndipo m'manja anali ndi cidutswa ca phaso. Kunja cinali kuoneka colimba ndithu, koma atacifinya cinanyenyeka ngati mkate wouma. Ciswe cimadya mtengo m'kati, nicisiya khungu lokha. Mapaso asanu ndi limodzi anali otero. Amai anayang'ana atate, koma sananene kanthu.

Atatha maola atatu tinakhala pansi pakhonde, ndipo apa mpamene ananena mau amene ndiri kufuna kuti muwamvetse. "Aphunzitsi," anatero, "ndakuuzani zimene ndaona, tsono ndikuuzeni zimene sindinaone. Maziko sindinawaone, pakuti ali pansi, ndipo sindingakumbe nyumba ya mwini wace. Mapaipi a pansi pa nthaka ndi mawaya a m'kati mwa khoma sindinawaone. Ngati wogulitsayu alidi mwini wa malo ano, ine sindidziwa. Pitani ku ofesi ya za malo mukaone dzina liri pa cikalata, mukaone zaka zatsala pa zaka 99 zimene Boma limabwereketsa malo, ndiponso ngati nyumbayi siiri pa cikole ku banki. Mufunsenso ngati palibe ngongole ya madzi, ya magetsi, kapena ya msonkho wa mzinda. Mtengo wace sindinena, imeneyo ndi nchito ya munthu wina woyesa mitengo ya nyumba." Anakhala cete pang'ono, naonjeza motsitsa mau kuti, "Cipangizo canga cati makoma ngouma, koma m'September kanthu kali konse nkouma. Pansi pa nyumbayi sipanakwere mokwanira. Payenera kupitirira nthaka ya panja ndi masentimita 15, koma apa mpafupi kulingana. Mukadatha, mukadadikira mvula. Mukalephera, mufunse anthu oyandikana nayo."

Atate anamva bwino za ciswe ndi za mawaya, cifukwa zimenezo zinali ndi mtengo wace wowerengeka, ndipo atamuonetsa wogulitsa cidutswa ca phaso cija, iye anatsitsa mtengo wa nyumba ndi ndalama zoposa kwambiri zimene tinalipira wopimayo. Ku ofesi ya za malo anapitanso, napeza kuti zonse ziri bwino. Koma za kudikira mvula zinakanika, pakuti wogulitsa anati pali munthu wina wagwira kale ndalama m'manja. Za kufunsa anthu oyandikana nayo, atate anati ndi khalidwe la miseche, losayenera munthu amene anakhala mphunzitsi. Analipira, nakonzetsa denga, ndipo m'November munalowa banja lina la lendi.

M'January 2023 bambo wa lendi uja anaimba foni. Anati madzi ali kuturuka pansi m'cipinda cogona ngati kasupe, mphasa zanyowa, ufa wacita nkhungu, ndipo penti woyera uja ali kusupuka kufika m'mabondo. Atate anampepesa, namcotsera theka la lendi. Tsono m'March kunabwera namondwe uja wochedwa Freddy, ndipo mvula inagwa masiku angapo osaleka. Nonse mukumbukira zimene zinacitika ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, kumene matope ndi miyala zinakwirira nyumba ndi anthu omwe. Ndiri ndi manyazi kuchula tsoka lathu pambali pa tsoka lotero, pakuti kwathu sikunafe munthu. Koma khoma la khichini linagwa, ndipo linagwera pa mng'alu womwe uja ndinaukhudza ndi cala canga. A lendi anasamuka. Fizi yanga ya teremu yotsatira inacokera m'khola la mbuzi za amai, zimene zinatha zonse kupatula imodzi.

Pokhala kuti sukulu zinatsekedwa cifukwa ca namondweyo, ndinatsagana ndi atate pamene anapita kwa wopima nyumba uja. Sindinawaonepo atate atakwiya cotero. "Bambo," anatero, "munadya ndalama zanga, ndipo nyumba munaipima yagwa." Iye sanabweze ukali. Anatsegula kabati, naturutsa pepala lofanana ndi limene anatipatsa, nawerenga pa tsamba lomariza. Zonse zinalembedwa: mng'alu wa ku khichini, pansi posakwera, ndi kuti nyumbayo anaiona m'cilimwe cokha. Atate anabvula magalasi ao, nawapukuta nthawi yaitali.

Tsiku lomwelo anapita nafe kukaona khoma logwalo, osapempha malipiro. Tiri ciimire pamenepo, panafika agogo ena amene amagulitsa tomato m'mbali mwa njira. Atatipepesa anati, "Bambo, nanga bwanji simunandifunse? Pamene paima nyumba yanupa panali khwawa. Ine ndiri mtsikana tinkacapa pompano. Amene anamanga anangothira dothi ndi zidutswa za njerwa, namanga pamwamba. Madzi saiwala khwawa, mwananga. Mabanja atatu ndawaona akulowa m'cilimwe ndi kuturuka m'dzinja." Ine ndinawazindikira agogowo. Tsiku la kupima lija anali pomwepo, ndipo ndinawapatsa moni nditanyamula makwerero.

Masiku oyamba ndinamuda munthu uja pamodzi ndi atate, koma tsopano ndiganiza kuti ndalama zace anazigwirira nchito. Popanda iye denga likadagwera ana a eni ace. Ndawerenganso kuti ku Britain, kumene bungwe la akatswiri a nchito imeneyi lochedwa RICS linayamba kale mu 1868, kupima nyumba kuli m'magawo atatu, ndipo ngakhale m'gawo lacitatu, lozama koposa, sagumula khoma kapena kukumba maziko. Ngati alephera kuona pansi pa nthaka kumeneko, sindingamuimbe mlandu wa kwathu kuno. Ndipo nyumba zina za ku Chilobwe akadazigogoda ndi kanyundo kace zikadalira ngati mwala, pakuti cimene cinazigwetsa cinacokera kuphiri.

Komabe pali cinthu cimodzi cimene sindinamkhululukire kweni-kweni. Za ciswe ananena mokweza, atagwira phaso m'manja, ndipo tonse tinaopa. Za madzi, zimene zinali zoopsa koposa, ananena kamodzi kokha, motsitsa mau, nazilemba m'Cizungu pa tsamba lomariza. Iye anaona kuti atate aikonda nyumbayo, ndipo ndiyesa anacita ulemu, osafuna kuwakhumudwitsa. Ulemu umenewo unatidyera mbuzi. Akadaimirira, nanena kuti, "Aphunzitsi, musalipire kufikira January," kapena atate akadamva. Ndikuti kapena, cifukwa atate anga ndiwadziwa.

Khoma tinalimanganso, ndipo wopima uja anatilangiza kukumba ngalande yakuya kumtunda kwa nyumba, yoyalamo miyala, kuti madzi adzipita m'mbali. Pa chuthi ciri conse ine ndi atate timapita kukaicotsa matope, ndipo agogo aja ndiwo amatiuza pamene madzi anasefukira. Muli banja lina tsopano, lolipira lendi yocepa kuposa imene tinayembekeza. M'dzinja lapitali cipinda cogona sicinanyowe, koma pangodya ya khichini paoneka kamng'alu kena koonda. Ndinakayesa ndi cala, ndipo ndinalemba utali wace ndi pensulo pakhoma pomwepo, kuti ndikaone pa chuthi cikudzaci ngati kakula.