Dandaulo Lopanda Mwini



Pali chizolowezi chimene chatilowerera mpaka timachiyesa ulemu. Munthu akatilakwira, sitipita kwa iye. Timauza mlamu wake, kapena mnzathu wa kukwaya amene tikudziwa bwino kuti sasunga mawu, n'cholinga choti nkhaniyo ikamupeze yokha. Masiku ano ena amangoika vesi pa WhatsApp, mpingo wonse n'kumalingalira kuti akunena yani.

Zaka zimene ndinkagwira ntchito m'boma, kalata ya wantchito wamng'ono inkadzera mwa akuluakulu ake isanafike kumene ikupita. Inkachedwa ndithu, koma pansi pake pankakhala dzina la mwini wake, ndipo mawu ankafika monga momwe anawalembera. Dandaulo loyenda m'kamwa mwa anthu lilibe dzina pansi. Aliyense amathirako kamchere kake, ndipo likamufika wolakwayo, sadziwa woti amuyankhe kapena woti amupepese. Amangoleka kupereka moni, ana ake nawonso n'kuleka, osadziwa n'komwe chimene chinayambitsa.

Pa Mateyu 18:15-17 Ambuye anaika ndondomeko yake: poyamba awiri okha, kenaka mboni imodzi kapena ziwiri, pomaliza mpingo. Ife timayambira kumapeto. Nkhani zambiri zikafika pa bwalo la akulu a mpingo, tikafunsa ngati eni akewo anakhalapo pansi awiriwiri, timapeza kuti sanayesepo. Paulo anatsutsa Petro maso ndi maso ku Antiokeya (Agalatiya 2:11), ngakhale kuti Petro anayenda ndi Yesu iye asanatembenuke mtima.

Wina anena kuti makolo athu ankatuma ankhoswe, ndipo kuti mkamwini sangangolunjika apongozi ake. N'zoona, ndipo mwambo umenewu ndimaulemekeza. Koma nkhoswe imadziwika, imatumidwa poyera, ndipo ntchito yake imatha pamene mbali ziwirizo zakhala pamphasa imodzi. Wonyamula miseche tsiku limenelo sapezeka.

Kuthetsa chizolowezichi kumayambira kwa womvetsera, pakuti dandaulo lotere siliyenda popanda wolinyamula. Munthu akabwera kwa ine ndi nkhani ya mnzake, ndimamufunsa kuti, "Kodi eni ake mwawauza?" Akati akuchita mantha, ndimamuuza kuti ndimuperekeza, koma wolankhula akhale iyeyo. Ambiri amati akaganize kaye. Ena amabweranso, ndipo kawirikawiri ulendo wake umakhala wongodutsa nyumba zitatu kapena zinayi.