Mpikisano wovina paphwando la mwana: akusangalala ndani?

Ife amene tinakula m'Ndirande kapena ku Zingwangwa wailesi yakanema ya TVM isanayambe kuulutsa mu 1999, masewera athu sankafunika munthu wamkulu wowayendetsa. Fulaye, phada, jingo ndi chipako zinkachitikira pabwalo la fumbi, ndipo oweruza kuti uyu wakwana kapena sanakwane anali ana okhaokha. Kamwana ka zaka zitatu kakakakamira kulowa fulaye, akulu ake ankakaponyera mpira monyengerera, kakagendedwa sikankatuluka, kakatopa kankangochoka popanda wokafunsa. Lamuloli silinalembedwe paliponse, koma aliyense ankalidziwa.

Zinthu zinasintha pamene malo anathina. Kalembera wa 1998 anapeza anthu pafupifupi 500,000 mumzinda wa Blantyre, pofika 2018 anali atakwana 800,000. Pamabwalo ambiri aja pali nyumba za lendi, ndipo makolo oopa galimoto ndi njinga zamoto za kabaza amatsekera ana kumpanda. Phwando la tsiku lobadwa, limene tinkaliona ngati la anthu a ku Nyambadwe ndi Sunnyside, lafika ku Bangwe, Chilomoni ndi Machinjiri, lili ndi keke, zibaluni, DJ, MC, nthawi zina jumping castle yobwereka. Phwandolo silolakwika. Vuto ndi lakuti masewera ake tsopano amasankhidwa ndi akuluakulu, ndipo nthawi zambiri amasankha zimene iwo eni aziseke nazo. Taonani masewera olimbirana mipando nyimbo ikaima: wa zaka 9 amamvetsa kuti kutuluka ndi mbali ya masewera, koma wa zaka zitatu amangoona kuti amulanda mpando anthu akuseka, ndiye kulira kumene timakutcha kusowa mwambo. Choposa apa ndi mpikisano wovina. MC amaika tiana pakati, DJ amaika amapiano kapena dancehall ya mawu oti munthu sungawatchule pamaso pa apongozi, azakhali amafupa amene wadula chiuno kwambiri, mafoni ali m'mwamba. Mwanayo akuphunzira msanga kuti thupi lake likagwedezeka mwa mtundu winawake, ndalama zimagwa.

Ena amati kuvina n'chikhalidwe chathu, ndipo woletsa mwana kuvina watengera zachizungu. N'zoona kuti atsikana akhala akuvina chitelera kuyambira kale, ndipo kufupa wovina bwino si kwachilendo. Koma makolo omwewo ankadziwa kusiyanitsa. Magule a kuchinamwali sankavinidwa pabwalo la aliyense, ndipo mpaka lero azimayi akayamba kulangiza mkwatibwi, ana amawathamangitsa. Chikhalidwe chimene akuchitchulachi n'chimene chinaika malire a msinkhu, choncho sichingakhale chifukwa chowafafanizira. Ena amati ana amaziona kale pa TikTok. Kuona pafoni n'kwina, kuomberedwa m'manja ndi mayi ako ndi amalume ako ukuchita zomwezo n'kwinanso, chifukwa kumeneko ndi kuuzidwa kuti banja lavomereza.

Mfundo yovuta kuiyankha ndi yakuti masewera akale nawonso sanali oyera. M'masanje munali abambo ndi amayi, ndipo zina zimene zinkachitika m'timisasa timeneto kapena pachibisaliro cha madzulo makolo sankazidziwa. Mpira wa fulaye womangidwa ndi majumbo unkapweteka ndithu. Sindikunena kuti tibwerere kumeneko, ndipo kukhalapo kwa maso a munthu wamkulu n'chinthu chabwino chimene phwando lamakono labweretsa. Kusiyana kwake n'kwakuti kale mwana ankatha kuchoka, ndipo zikatha zinkathera pomwepo. Lero wokana kulowa pakati amakankhidwa kuti asachititse manyazi mayi ake, ndipo kanema wake amakhala atazungulira magulu a WhatsApp mbale zisanatsukidwe. Kuyambira 2017 malamulo a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, koma wa zaka 5 amene akujambulidwayo palibe amamufunsa.

Choncho poyesa masewera sindifunsa ngati ndi achikuda kapena achizungu. Ndimafunsa ngati wamng'ono kwambiri pagululo akumvetsa lamulo lake, ngati angatuluke osasekedwa, ndiponso ngati anawo angawapitirize akuluakulu atalowa m'nyumba kukadya. Fulaye amapitirira. Mpikisano wodula chiuno umatha nthawi yomweyo, chifukwa wofupa palibe.